MPENI WA AGOGO: NDI WA 1914 KAPENA WA 1973?

Ndabweranso ndi nkhani yaitali. Amene bandulo yanu ili ya mavuto musade nkhawa, mulibe vidiyo, ndi zolemba zokhazokha. Lero sindikamba za injini ngati masiku onse, ndikamba za mpeni. Werengani mpaka pansi, chifukwa mwina kwanunso kuli wotere ndipo mukufuna kuupanga zimene ine ndinatsala pang'ono kupanga.

Kwathu kuli mpeni wopinda umene atate amasunga m'chikwama cha mapepala. Unali wa agogo aamuna, bambo awo. Chogwirira chake ndi cha mtengo wofiirira, ndipo pamtengopo anakhomapo kamwezi ndi tinyenyezi ta chitsulo. Kumsana kwake kuli chitsulo chachitali cha sipuling'i, pamwamba pake kamphete. Ukamautsegula umalira kuti krrr-kha, ndipo ukatseguka supindika mpaka utakoka kamphete kaja. Ambiri mwaudziwa kale, ndi okapi. Agogo ankasendera nawo gwape kuphiri kale boma lisanakhazikitse paki ya Lake Malawi mu 1980, ankadulira nawo zingwe za ukonde, ankatumbulira nawo kampango. Atamwalira unapita kwa atate chifukwa ndiwo aakulu.

*MMENE NKHANI INAYAMBIRA*

Mwezi wa Juni, nthawi ya mwera, boti la abambo aang'ono linamwa madzi usiku padooko ndipo injini yawo ya 15 inamira. Anachedwa kubwera nayo kwa ine. Nditaitsegula ndinapeza dzimbiri lagwira kale m'mabering'i a kilankishafuti, ndiye ndalama yofunika inali yambiri. Alovi anayi amadya pa boti limeneli, osawerengera mabanja awo.

Ndiye kunabwera munthu wina amene amagula zinthu zakale n'kumakagulitsa kwa alendo m'malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Abambo aang'ono anamuuza kuti kwathu kuli mpeni wa Ajeremani wa nthawi ya nkhondo ya 1914. Nkhani imeneyi m'banja mwathu ndi yakale, ine ndakula ndikuimva: ati mpeniwo unachokera mu sitima ya Ajeremani imene inaphulitsidwa panyanja pano. Munthu uja anati ngati zili zoona apereka ndalama yabwino, koma uyambe wawala kaye.

Abambo aang'ono anakaubwereka kwa atate osanena cholinga, n'kubwera nawo kushedi kwanga. Amvekere, "Iwe, taupititsa pa gulayinda uwu uwale ngati watsopano." Magetsi anali atathima, ndiye ndinatenga sandipepa n'kuyamba kupala pamanja. Ndapala pang'ono chabe atate anatulukira. Sanakalipe. Anangoti, "Taima kaye. Ukudziwa chimene ukufufutacho?" Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pansi pa kuda kuja panali chidindo: kanyama ka miyendo inayi ndi zilembo. Miyendo yakutsogolo ya kanyamako ndinali nditaidya kale ndi sandipepa. Kukanakhala magetsi tsiku limenelo, bwenzi chidindo chonse chitapita m'masekondi khumi.

Usiku umenewo ndinapaka choko pachidindopo n'kupukuta pamwamba ndi chala, choko chinatsalira m'maenje mwa zilembo. Ndinaunikira ndi tochi ya foni chammbali, osati molunjika. Zinawerengeka bwinobwino: OKAPI, ndipo pansi pake MADE IN GERMANY. Kuyambira pamenepo ndinayamba kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

*DZINA LA OKAPI NDI MANGOCHI WATHUYU*

Okapi ndi nyama. Imakhala m'nkhalango za ku Congo, makamaka ya Ituri. Ndi m'bale wake wa nyamalikiti, koma khosi lake ndi lalifupiko ndipo m'miyendo ili ndi mizere ngati mbidzi. Anthu a m'nkhalangomo ankaidziwa kuyambira kale, koma azungu anaitsimikiza mu 1901, Mngelezi wina atatumiza chikopa ndi zigaza zake ku London. Mngelezi ameneyu ndi Harry Johnston, ndipo dzina la nyamayi m'mabuku a sayansi mpaka lero ndi Okapia johnstoni.

Amene munamvetsera phunziro la mbiri ku sekondale dzinali mwalikumbuka. Ndi Johnston yemwe uja amene anali bwanamkubwa woyamba wa dziko lino kuyambira 1891, likutchedwa British Central Africa, akukhala ku Zomba. Boma la Mangochi kale linkatchedwa Fort Johnston chifukwa cha iyeyu. Atachoka kuno mu 1896, patapita zaka anakagwira ntchito ku Uganda, ndipo ali kumeneko ndi pamene anafika kumalire a Congo kukafunafuna nyamayi. Ndiye mukaona kanyama pampeni wa okapi, dziwani kuti dzina lake lachiwiri ndi la munthu amene tauni yathu inkatchulidwa dzina lake.

Nkhani ya nyama yatsopanoyi inamveka kwambiri ku Ulaya. Chaka chotsatira, 1902, mu mzinda wa Solingen ku Germany anayamba kupanga mpeni wotchipa wopinda n'kuupatsa dzina lomweli. Solingen ndi mzinda wa osula, wakhala ukudziwika ndi malupanga, mipeni, masizasi ndi malumo kwa zaka mazanamazana. Mpeniwu anaupangira msika wa ku Africa, makamaka maiko amene Ajeremani ankalamulira: Tanganyika tsidya la nyanja yathuyi, Namibia, Cameroon ndi Togo. Maikowa anawalanda nkhondo yoyamba itatha, koma mpeni unapitirira kugulidwa, makamaka kummwera kwa Africa. Unafika mpaka ku Jamaica. Ku Joni unatchuka ndi mbiri ziwiri: chida cha m'busa, mlimi ndi wa mumgodi, komanso chida cha tsotsi.

Choncho malire oyamba ndi amenewo. Palibe okapi wa chaka cha 1902 chisanafike. Wina akakuuzani kuti wake ndi wa nthawi ya Livingstone, amene anafika panyanja pano mu 1859, mungomusekerera.

*NANGA BWANJI CHINGEREZI PA MPENI WA AJEREMANI?*

Funso limeneli anafunsa ndi atate. Yankho lake ndi lamulo la ku Britain la 1887. Osula a ku Sheffield ankadandaula kuti katundu wa ku Germany akulowa ndi zidindo zonamizira za kwawo, ndiye boma linalamula kuti katundu wakunja azilembedwa kumene wachokera. Cholinga chinali choti anthu azimupewa, koma mapeto ake mawu akuti Made in Germany anasanduka chizindikiro cha katundu wolimba. N'chifukwa chake katundu wopita kunja ankalembedwa m'Chingerezi.

Chinanso: kuyambira 1949 mpaka 1990 Germany anali wogawikana pawiri, ndipo Solingen anali kumadzulo. Mukaona chitsulo chilichonse cholembedwa West Germany kapena W. Germany, kaya ndi mpeni kaya sipanala, ndi cha zaka zimenezo basi. Koma samalani apa, chifukwa ndi pamene abambo aang'ono anagwera. Iwo ankati poti wathu sanalembe West, ndiye kuti ndi wa kale dzikolo lisanagawikane. Ayi. Mafakitale ambiri akumadzulo anapitiriza kulemba Germany yekha m'zaka zonsezo. Kupezeka kwa mawu akuti West ndi umboni, koma kusowa kwake si umboni.

Malire omaliza ndi 1988. Chaka chimenecho kampani ya ku South Africa inagula dzina ndi makina opangira okapi, ndipo pamenepo anayamba kupangidwa ku KwaZulu-Natal. Ndiye okapi weniweni wolembedwa Germany ndi wa pakati pa 1902 ndi 1988, wolembedwa South Africa ndi wa pambuyo pake. Chidindo chokha chinatifikitsa pamenepo: zaka 86. Chaka cha 1914 chili momwemo, cha 1973 chilinso momwemo.

*ZA SITIMA IJA*

Nkhondo ya panyanja ya 1914 inachitikadi, si nthano. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Angelezi yotchedwa Guendolen, woyendetsa wake Kaputeni Rhoades, inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli ku Tanzania. Inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa, ndipo inaiombera. Kaputeni wa Chijeremani anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba ku Ulaya. Mfuti ya Guendolen ilipo mpaka lero pa Mangochi boma, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, ambiri timaidutsa osaiyang'ana.

Ndikuganiza kuti apa ndi pamene nkhani ya m'banja mwathu inabadwira. Munthu waona mawu akuti Germany pampeni, waona mfuti pa boma, wamva za sitima, walumikiza. Mwana wamva, wauza mwana wake. Palibe amene ananama dala, koma palibenso amene anafunsa.

Ine monga makaniko ndinayang'ana kutha kwa chitsulo. Ndinabwereka okapi watsopano wa msinkhu womwewo kwa mnzanga wogulitsa nyama n'kuziyika pamodzi. Wathu wadyeka m'lifupi pafupifupi mamilimita 3 chifukwa chonola, ndipo nsonga yafupikako pang'ono. Atate akuti agogo ankanola pafupifupi sabata iliyonse kwa zaka zoposa 30. Ndiye kudyeka kumeneku kukukwanira pa moyo wa munthu mmodzi. Ukanakhala kuti unagwiranso ntchito zaka zina 60 m'manja mwa anthu ena m'mbuyomo, bwenzi utatsala ngati zingano yosokera thumba. Umenewu si umboni womaliza, koma unandipangitsa kukwera njinga kupita kwa munthu amene tonse tinamuiwala.

*UMBONI WA AGOGO AAKAZI*

Nditawaonetsa anaseka kaye. "Amuna anga, mwabwera ndi mpeni kudzandiopseza?" Agogo amanditchula choncho chiyambire ndili mwana. Nditawafotokozera za 1914 anaseka mpaka kutsokomola. Amvekere, "Sitima yake iti? Umenewu ndinauona ine ukutuluka m'bokosi la malata, uli m'pepala la mafuta, wonyezimira. Agogo ako akuchokera ku Wenela. Bambo ako ali ndi zaka zinayi, anathawa kukabisala kuseri kwa nkhokwe chifukwa sanawadziwe."

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachikwama ka pulasitiki. Munali kabuku ka agogo ka kumgodi, kothetheka m'mbali, chidindo chomaliza cha 1973. Atate anabadwa 1969. Zonse zinagwirizana.

Kwa achinyamata anzanga amene mawu akuti Wenela mumangowamva: linali bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi. Ankapita pa kontirakiti, ambiri pandege kudzera ku Francistown ku Botswana. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu oposa 70 anafa, pafupifupi onse Amalawi obwerera kwawo. Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi. Unadzatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu opita anali ochepa, ndipo mu 1988 unatheratu pa mkangano wa kuyeza magazi.

Agogo aakazi akuti agogo anali atakonzeka kubwerera ku Joni kontirakiti yachiwiri mu 1974. Njira itatsekedwa anakhala miyezi ingapo osadziwa chochita, kenako ndalama imene anasunga anagulira bwato ndi ukonde. Asanapite ku Wenela anali mlimi chabe wa kumtunda. Usodzi wa banja lathu unayambira pamenepo. Atate ndi abambo aang'ono anakulira mu bwato limenelo, ndipo ine ndinaphunzira sipanala chifukwa cha mainjini a padooko. Ndiye mpeniwu ndi wa zaka zoposa 50, ndipo unabwera m'bokosi limodzi ndi ndalama imene inatitsitsira kunyanja.

Ndinakawauza abambo aang'ono zonsezi atate ali pomwepo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye tikanagulitsa bodza." Wogula uja atamva kuti ndi wa 1973 anatchula ndalama yosakwana n'komwe bering'i imodzi. Atate anangotenga mpeni wawo n'kuubweza m'chikwama. Injini tinaikonza mwa njira ina: ndinapeza kilankishafuti yogwirapo kale ntchito kwa mnzanga ku Monkey Bay, ntchito yanga sindinawalipiritse, zotsalazo akubweza pang'onopang'ono usipa ukagwidwa. Boti linakhala pamtunda masabata asanu, ndipo alovi awiri anapita kwa eni zida ena. Mmodzi sanabwererenso. Zimenezo zinatipweteka, sindinama.

*NGATI KWANU KULI MPENI WAKALE, CHITANI IZI*

Choyamba, musanapale chilichonse, werengani ndi kujambula. Choko kapena ufa pachidindo, tochi chammbali, chithunzi mbali zonse ziwiri. Onaninso pachogwirira, akuluakulu ena ankalembapo zilembo za maina awo ndi msomali. Pa wathu chidindo n'chokhomedwa m'chitsulo, chikhadabo chimakodwamo. Okapi achinyengo adzaza m'misika, ndipo ambiri mumawadziwira ku sipuling'i yofooka ndi mpeni wogwedera ngakhale uli watsopano. Mukaona mawu akuti stainless, dziwani kuti chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira ku Sheffield mu 1913, ndiye mpeni wotero sungakhale wakale kuposa pamenepo.

Chachiwiri, siyanitsani dzimbiri lofiira ndi kuda. Okapi wakale ndi wa chitsulo cha kaboni, chimene chimathwa msanga pamwala koma chimaopa madzi. Dzimbiri lofiira, lokhakhala, limadya chitsulo ndipo liyenera kuchoka. Kuda kosalala kuja, kotuwira ngati mtambo wa mvula, kumabwera ndi zaka ndipo kumathandiza kuteteza chitsulo. Kusiyeni. Pochotsa lofiiralo pakani parafini pachitsulo pokha, dikirani maola angapo, kenako pukutani mofatsa ndi waya wofewa uja wotsukira mapoto. Pachidindo gwiritsani kamtengo kapena mswachi wakale. Mukamaliza tsukani ndi sopo, umitsani nthawi yomweyo.

Chachitatu, gulayinda ayi. Kupatula kufufuta chidindo, imatenthetsa chitsulo. Amakaniko anzanga mukudziwa zimene zimachitika ndi dirilo ukainola mothamanga: ikasintha mtundu n'kukhala yabuluu, yafewa basi. Mpeni nawo chimodzimodzi, pambuyo pake umabuntha ukangodula chingwe chimodzi.

Chachinayi, nolani pamwala wosalala ndi madzi. Gonekani mpeni, kwezani msana wake pang'ono ngati kuti pansi pake palowe makobidi awiri osanjikiza, ndipo musasinthe kapendekedwe kameneko. Mbali iyi kakhumi, mbali inayo kakhumi. Malizani pa lamba wachikopa, mukukokera chakumsana. Osanola tsiku lililonse popanda chifukwa, kunola kulikonse kumadya chitsulo chimene sichibwerera.

Chachisanu, popindikira. M'menemo mumadzaza mchenga, mamba ndi magazi ouma. Chotsani ndi kamtengo ka machesi ndi mswachi, kenako dontho limodzi la mafuta a makina osokera. Oyilo wakuda wochoka mu injini musayerekeze, muli tizitsulo ndi zoipa zambiri, ndipo mpeni womwewo mukasendera mango a mwana. Pachitsulo chodulira chakudya pakani mafuta ophikira pang'ono n'kupukuta, koma asalowe popindikira chifukwa akakhalitsa amamata. Mpeni ukamagwedera, ikani kamsomali ka popindikira pa chitsulo cholimba, menyani pang'onopang'ono ndi kahamala kakang'ono, mukuyesa mukamenya kulikonse. Mukapyoza muyeso sutsegukanso.

Chachisanu ndi chimodzi, chogwirira cha mtengo chisamizidwe m'madzi ndipo chisaumikidwe padzuwa la pamchenga, chimang'aluka ndipo tinyenyezi timagwa. Phula la njuchi pang'ono limakwanira. Posunga, kulungani m'kansalu kouma kopaka mafuta pang'ono. M'jumbo ayi, imasunga chinyontho.

Chomaliza, mpeni si sikuludiraiva ndipo si chotsegulira chitini cha penti. Nsonga zambiri zimathyoka choncho. Potseka, chotsani kaye zala panjira ya mpeni musanakoke kamphete. Ndipo malo ake ndi kunyumba, kumunda ndi padooko, osati m'thumba popita kumowa kapena kumpira. Mbiri yoipa ya okapi inachokera kumeneko.

Koma pa zonsezi chachikulu ndi ichi: chidindo chinatipatsa zaka 86, agogo aakazi anatipatsa chaka chimodzi. Iwo ali ndi zaka pafupifupi 80. Tikanachedwa zaka zochepa, bwenzi nkhani ya sitima itakhala yoona mpaka kalekale chifukwa chosowa wotsutsa, ndipo ya Wenela itapita nawo kumanda. Safunsa anadya phula. Ngati kwanu kuli wailesi yakale, njinga, bokosi la malata, nyale kapena mpeni, pitani kwa akuluakulu sabata ino mukafunse kuti chinabwera ndi ndani, chaka chanji, pochokera kuti. Lembani papepala, sungani pamodzi ndi chinthucho. Ine ndalemba, pepalalo lili m'chikwama cha atate limodzi ndi mpeni ndi kabuku ka agogo. Kanyama kaja katsala ndi miyendo iwiri, ndipo papepalapo ndalembanso kuti amene anadula inayo ndine.

Amene muli ndi okapi wolembedwa Germany jambulani chidindo mutumize pagulu pano tifananize. Tumizaninso uthengawu kwa abale amene makolo awo anapita ku Wenela kapena ku TEBA. Ndipo a injini, ikamira bwerani nayo tsiku lomwelo, osadikira sabata.